WERENGANI MAPESI ANU MUSANALONJEZE WOGULA

Alimi anzanga a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, inu amene mumapita ku msika wa Lachiwiri ku Dzaleka mwaziona nokha njinga zimene zimafika m'mamawa zitasenza mitolo ya nkhuni ndi matumba a makala. Mukamufunsa mwini njinga kumene wachokera, adzakutchulirani mudzi wakutali, ndipo chaka chamawa adzatchula wakutali kuposa umenewo. Mitengo ya pafupi inatha kale.

Chifukwa chake ndi chosabisika. Msasa wa Dzaleka unatsegulidwa m'chaka cha 1994 pa malo amene kale panali ndende, ndipo unakonzedwa kuti muzikhala anthu 10,000 kapena 12,000. Lero muli anthu oposa 50,000, ambiri mwa iwo ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. M'chaka cha 2023 Boma linabwezera ku msasawu othawa kwawo amene ankakhala m'matauni, ndipo mafuwa anachuluka kuposa kale. Koma tisaloze chala alendo okha. M'Malawi muno mabanja oposa 90 pa 100 alionse amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo ife alimi a fodya timadulanso mitengo ya zigafa ndi ya m'mabalani. Nkhwangwa zimene zikulira m'nkhalango za Kongwe ndi Ntchisi ndi za tonsefe.

Malonda atsopano

Chifukwa cha kusowa kwa nkhuniku, anthu ena a mu msasa ndi a m'midzi yozungulira anayamba kuumba makala kuchokera ku zotsala za m'munda. Amatenga zitsononkho, makoko a mtedza kapena mapesi, n'kuziwotcha mu mgolo wotseka kuti zisapse mpaka phulusa. Zikada amazisinja, n'kusakaniza ndi phala la ufa wa chinangwa kapena dothi pang'ono, kenaka amaumba ndi kuyanika. Ena sawotcha konse, amangopanikiza zotsalazo pamodzi ndi mapepala onyika. Awa ndiwo makala oumba, amene ambiri mumawatcha mabuliketi. Boma limalimbikitsa ntchito yotereyi. Ndondomeko ya dziko lino yokhudza makala, imene inatuluka mu 2017, imafuna kuti anthu apeze zophikira zina, ndipo lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020 kwa owotcha makala a mitengo popanda chilolezo.

Tsono anthu oumba makalawa akafika pa kalabu yanu, funso lawo ndi limodzi: "Chaka chino mudzatipatsa zochuluka bwanji?" Iwo ayenera kudziwiratu, chifukwa akufuna kugula migolo, kulemba aganyu ndi kulonjeza ogula awo. Inunso muyenera kudziwiratu, chifukwa mukalonjeza zambiri mudzabera munda wanu kuti mukwaniritse lonjezo. Nkhani yanga lero ndi ya m'mene mungayankhire funso limeneli popanda kudzinamiza.

Phunziro la ku Dwangwa

Kuwerengeratu zotsala za m'munda si chinthu chachilendo kwathu kuno. Mukatsika mapiri a Ntchisi kulowera ku nyanja, m'boma la Nkhotakota muli fakitale ya shuga ya Dwangwa. Nzimbe zikafinyidwa, zotsala zake sizitayidwa. Amazisonkhezera m'ng'anjo, ndipo moto wake ndiwo umapereka nthunzi ndi magetsi oyendetsera fakitale. Kuyambira chaka cha 1982, molasesi wotsala pophika shuga amapangira mafuta a ethanol amene amasakanizidwa ndi petulo. Eni fakitale sadikira kuti aone mulu wa zotsala ndiye adziwe kukula kwake. Amayesa nzimbe zidakali m'munda, ndipo popeza amadziwa kuti pafupifupi magawo atatu mwa khumi a kulemera kwa nzimbe amatsala akafinya, amadziwiratu moto umene adzakhale nawo.

Nzeru yake ndi yomweyo kwa mlimi wa ekala imodzi. Zotsala zimatsata zokolola. Mukadziwa matumba amene mudzakolole, mwadziwanso zitsononkho ndi makoko amene mudzakhale nawo.

Chimene ndinaona pa kalabu ina

Chaka china ndinkayendera kalabu ina ya kumtunda kuno. Mu Januwale chimanga chinali chobiriwira bwino, ndipo wogula wina atafika, akomiti anayang'ana minda ndi maso okha n'kulonjeza ngolo zambiri za zitsononkho. Analandiriratu ndalama zina. Mu Febuluwale, chimanga chikumasula ngayaye, mvula inadula kwa masabata atatu. Mapesi anaima ndithu, koma ambiri anabereka tiana tating'ono. Nthawi yopereka itakwana, zitsononkho sizinafike ndi theka lomwe. Pofuna kubweza ngongole, mamembala anasesa mapesi onse m'minda yawo n'kupereka. Mvula yoyamba ya Novembala inapeza nthaka iri pambalambanda, ndipo pa minda ya pamtsetse mizere inaduka, dothi labwino n'kutsikira kudambo. Ine ndemwe ndinalakwapo, chifukwa tsiku la lonjezo ndinalipo ndipo sindinawauze kuti adikire. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Chimanga cha mu Januwale chikadali pachala.

Miyeso yoyenera kuisunga pamtima

Nayi miyeso imene akatswiri a zaulimi amagwiritsa ntchito. Si yofanana ndendende m'munda uliwonse, koma siikutayani kutali.

Chimanga: pa matumba asanu alionse a chimanga chotonola, a makilogalamu 50, mumapeza zitsononkho zolemera pafupifupi makilogalamu 50. Mapesi ouma a chimanga cha haibulidi amalemera pafupifupi mofanana ndi chimanga chimene abereka. Chimanga chamakolo chimatalika kwambiri koma chimabereka pang'ono, choncho mapesi ake amatha kulemera kawiri kuposa chimanga chake.

Mtedza: pa makilogalamu 10 alionse a mtedza wosaswa, pafupifupi makilogalamu atatu ndi makoko. Kumbukirani kuti thumba la mtedza wosaswa silifika makilogalamu 50 ngakhale litadzaza. Liikeni pa sikelo.

Chenjerani ndi kuyesa ndi maso. Zitsononkho ndi makoko ndi zopepuka, zimadzaza matumba ambiri koma kulemera kwake n'kochepa. Ngolo yodzaza mapesi mpaka pamwamba ng'ombe ziwiri zimaikoka ngati mulibe kanthu. Pokambirana ndi wogula, gwirizanani poyamba ngati mukuwerenga makilogalamu, matumba kapena ngolo, ndipo ngati ndi matumba, onetsanani thumba lake.

Werengani katatu

Unduna wa za Malimidwe umachita kauniuni wa zokolola katatu pa chaka: mbewu zikadali zazing'ono, zikamakhwima, ndiponso zikakololedwa. Maboma a Dowa ndi Ntchisi ali pansi pa Kasungu ADD pamodzi ndi Kasungu ndi Mchinji, ndipo ambiri a inu alangizi anakufikanipo ndi mafunso awo. Inunso tsatani njira yomweyo pa zotsala zanu.

Kuwerenga koyamba ndi kwa mu Januwale. Lembani maekala a mbewu iriyonse, ndipo kumbukirani matumba amene munda womwewo unakupatsani zaka zitatu zapitazi. Musatenge chaka chabwino koposa. Tengani chapakati. Chiwerengero chimenechi ndi chanu ndi mlangizi wanu basi. Pa nthawi imeneyi musalonjeze munthu aliyense, ndipo musalandire chikole.

Kuwerenga kwachiwiri ndi kwa kumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo, chimanga chitakhwima. Tengani chingwe cha mamitala 10. Sankhani mizere isanu, ina pabwino, ina poipa, ina pakati, ndipo pa mzere uliwonse werengani mapesi amene abereka chimanga chooneka. Phatikizani ziwerengero zisanuzo ndi kugawa ndi 5. Ngati mizere yanu inatalikirana masentimitala 75 monga timalangizira, ekala imodzi iri ndi zingwe zotere pafupifupi 540. Tiyerekeze kuti mwapeza mapesi obereka 25 pa chingwe chimodzi. Ndiye kuti pa ekala muli 13,500. Thyolani chimanga khumi, chiume bwino, mutonole, ndipo muyese padera chimanga ndi zitsononkho. Ngati chimanga chalemera magalamu 800 ndipo zitsononkho magalamu 160, yembekezani makilogalamu 1,080 a chimanga, amene ndi matumba 21 ndi kanthu, ndi makilogalamu 216 a zitsononkho. Apa mukhoza kumuuza wogula chiyembekezo chanu, koma muchotsepo gawo limodzi mwa magawo anayi chifukwa cha anankafumbwe, akuba ndi zina zosadziwika.

Kuwerenga kwachitatu ndi kwa mu Juni kapena Julayi, mutagwetsa mikukwe ndi kututira kunyumba. Ichi ndicho chiwerengero cha lonjezo. Koma kumbukirani chinthu chimodzi. Amene mumasunga chimanga chosatonola m'nkhokwe mumapeza zitsononkho pang'onopang'ono chaka chonse, pamene amene mumatonola chonse n'kuthira mankhwala m'matumba mumazipeza nthawi imodzi. Wogula ayenera kudziwa mwezi umene katundu adzapezeke, osati kuchuluka kwake kokha.

Zaka za chilala zimafuna kusamala kwapadera. M'mwezi wa Malichi 2024, ng'amba ya El Niño itawononga mbewu, Boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi. M'chaka chotere chimanga ndi zitsononkho zimachepa kwambiri kuposa mapesi, ndipo wogula adzakunyengererani kuti mum'patse mapesi m'malo mwake. Koma chaka chimenecho ndi chomwenso ng'ombe zimasowa msipu ndipo nthaka imafuna chophimba. Chimodzimodzinso mbozi za m'chimanga zimene zinalowa m'dziko muno m'nyengo ya 2016 ndi 2017: zikagwa m'munda mwanu, bwerezani kuwerenga.

Si zonse ziri zogulitsa

Mukadziwa kuchuluka kwa zotsala zanu, musathamangire kunena kuti zonse ndi malonda. Pali eni ake atatu amene ayenera kulandira poyamba.

Woyamba ndi nthaka. Mapesi akawola amabwezera chonde, makamaka mchere wa potashi umene wambiri umatsalira mu phesi osati mu njere. Amasunganso chinyontho ndipo amatchinjiriza dothi ku madontho a mvula. Amene mumatsata ulimi wa mleranthaka mukudziwa kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a nthaka, kapena kuposera apo, liyenera kukhala lophimbika pobzala. Kuti zimenezi zitheke mu Novembala, muyenera kusiya zambiri mu Juni, chifukwa chiswe ndi ziweto zidyapo. Pa minda ya pamtsetse, imene ndi yambiri kuno kwathu, langizo langa ndi lakuti musachotse phesi ndi limodzi lomwe. Feteleza akukwera mtengo chaka ndi chaka. Kugulitsa mapesi kuti mukagule feteleza kuli ngati kugulitsa denga kuti mugule ambulera.

Wachiwiri ndi ziweto. Masangwi a mtedza ndi a soya ndi chakudya chabwino koposa cha ng'ombe ndi mbuzi m'chilimwe, ndipo chimabwerera kwa inu ngati manyowa, mkaka ndi mphamvu zokokera ngolo. Masangwi si owotcha. Gaga nayenso musamuike m'gulu la zowotcha, pakuti nkhumba ndi nkhuku zikumudikira, ndipo ambiri mumapangira manyowa a Mbeya.

Wachitatu ndi khitchini yanu. Abambo, musalonjeze zitsononkho musanafunse amayi a kunyumba, chifukwa ndiwo akudziwa ndowa zimene amaphikira pa sabata, ndiponso ndiwo adzayende mtunda kukafuna nkhuni zikatha. Kugulitsa zitsononkho mu Julayi n'kumagula mtolo wa nkhuni mu Disembala si phindu.

Zotsala pambuyo pa eni ake atatuwa ndizo zogulitsa. Kwa alimi ambiri zimenezi ndi gawo la zitsononkho, makoko a mtedza, ndi mitengo ya nandolo ngati munabzala. Makoko a mtedza ndiwo abwino kugulitsa chifukwa amachedwa kuwola ndipo ziweto siziwakonda. Koma dziwani kuti mukagulitsa mtedza wosaswa, makoko amapita ndi galimoto la wogula. Kalabu imene imaswera mtedza pamalo amodzi imatsala ndi mulu wa makoko pamalo pomwepo. Poswa musawaze madzi pa mtedza kuti ufewe, chifukwa madzi amabweretsa chuku chimene chimagwetsa mtengo wa mtedza, ndipo makoko onyowa wogula sawafuna.

Nanga mapesi a fodya? Malamulo a fodya amafuna kuti muwazule msanga mukatha kuthyola, kuti matenda ndi tizilombo zisadikire mbewu ya chaka chamawa. Popeza sayenera kutsala m'munda, akhoza kulowa mu mgolo. Koma utsi wake ndi woipa. Awotchereni panja kutali ndi nyumba, ndipo musaphikire mapesi a fodya osawotcha.

Chifukwa chake kalabu iwerengere pamodzi

Zitsononkho zikawotchedwa mu mgolo, chotsala chimakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake. Tiyerekeze kuti woumba makala akufuna makilogalamu 1,000 a makala osinja. Afunika makilogalamu 4,000 a zitsononkho, ndipo zimenezi zimachokera ku matumba 400 a chimanga. Amenewa ndi alimi 20 okolola matumba 20 aliyense, atapereka zonse osasiyako. Ngati aliyense asunga theka la kukhitchini, pafunika alimi 40. Mukuona kuti mlimi mmodzi sangasunge wogula. Mutu umodzi susenza denga.

Tsono mlembi wa kalabu akhale ndi kope. Tsamba lirilonse likhale la membala mmodzi: maekala, mbewu, ziwerengero zitatu zija, zosiyira nthaka, ziweto ndi khitchini, ndipo pomaliza zogulitsa ndi mwezi wake. Mukasunga kope lotere zaka zitatu, mudzayamba kudziwa minda yanu kuposa mlendo aliyense wobwera ndi galimoto, ndipo pokambirana mtengo mudzalankhula molimba mtima.

Ganiziraninso za mtunda. Katundu wopepuka amadya ndalama zambiri za mtengatenga. Kalabu ya pafupi ndi Dzaleka kapena pa boma la Dowa ikhoza kutumiza zitsononkho pa ngolo. Koma kwa inu a ku Malomo, Madisi kapena Mvera, n'kwanzeru kukhala ndi mgolo wanu, kuwotchera komweko, n'kutumiza makala osinja, pakuti mwachepetsa katundu kanayi.

Tetezani chimene mwawerenga

Chiwerengero chabwino chimaonongeka ngati katundu sasamalidwa. Adani ake mukuwadziwa: moto wa ana osaka mbewa, ziweto zotayirira pambuyo pa kukolola, chiswe, ndi mvula yoyamba. Kambiranani ndi a mfumu kuti akhazikitse lamulo la moto ndi la ziweto m'mudzi. Lambulani m'mbali mwa minda. Zitsononkho ndi makoko ogulitsa muziike pa thandala lokwera, pansi pa denga, ndipo zichoke mwezi wa Okutobala usanathe. Chigafa cha fodya chimakhala chopanda ntchito miyezi imeneyi, chigwiritseni ntchito.

Kwa inu olima pa maesiteti

M'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito ndi kuletsa utenanti wa kale uja. Komabe ambiri a inu mukulima pa malo a eni esiteti, ena mwa lendi, ena mwa ntchito, ndipo mumapatsidwa kamunda ka chimanga. Kale palibe amene ankafunsa kuti mapesi ndi a yani, chifukwa analibe mtengo. Lero ali nawo, ndipo pamene pali ndalama pamabuka milandu. Mvula isanagwe khalani pansi ndi mwini malo kapena kapitawo, mugwirizane kuti mapesi a fodya, zitsononkho ndi makoko ndi za yani, ndipo zilembedwe pa pepala pamaso pa mboni. Inunso eni malo, kumbukirani kuti mlimi amene sakudziwa ngati adzalima munda womwewo chaka chamawa alibe chifukwa chosiyira mapesi m'nthaka. Mukafuna kuti nthaka yanu isaguge, m'tsimikizireni za chaka chamawa, kapena mum'siyire zitsononkho ndi makoko kuti iye akusiyireni mapesi.

Mawu otsiriza

Malonda a zotsala za m'munda ndi abwino. Thumba lirilonse la makala oumba limene lalowa mu Dzaleka lapulumutsa mtengo ku Kongwe kapena ku Ntchisi, ndipo mitengo imeneyo ndiyo imasunga akasupe amene timathirira madimba ndi nazale zathu. Koma tisapulumutse nkhalango pophera munda. Werengani mu Januwale, bwerezani mu Epulo, lonjezani mu Juni. Perekani kwa nthaka, kwa ziweto ndi kwa amayi a kukhitchini, ndipo zotsalazo mugulitse ndi mtima woyera.

Pa msonkhano wotsatira wa kalabu yanu bwerani ndi kope, chingwe cha mamitala 10 ndi sikelo ya kalabu. Ngati masamu akubvutani, itanani mlangizi wa m'dera lanu kuti muyesere limodzi m'munda mwa membala mmodzi, ena onse akuonerera. Safunsa anadya phula.